Kusankha Njinga Yolingana ndi Msinkhu wa Mwini Wake

Pa katundu amene banja la kuno ku Malawi limagula litasunga ndalama kwa miyezi yambiri, njinga ili m'gulu la zinthu zoyambirira. Ndiyo imanyamula chimanga kupita nacho kuchigayo, ndiyo imathamangitsa wodwala kuchipatala pakati pa usiku, ndiyonso imafikitsa mwana kusukulu belu lisanalire. Koma chodabwitsa n'chakuti munthu yemwe sangalipire nsapato asanaiyese kuphazi, akafika pogula njinga amangoliza belu, kutsina matayala, kuyang'ana utoto ndi dzina la fakitale, kenaka n'kutulutsa ndalama. Funso lakuti kodi njingayo ikulingana ndi thupi la amene adzaipalase silifunsidwa kawirikawiri. Pamenepa mpamene mwambi wa makolo umakwaniritsidwa, wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kufunika kwa funso limeneli kumaoneka bwino m'dera ngati Nkhorongo, kumpoto kwa mzinda wa Mzuzu, kupitirira Luwinga. Mzuzu uli pamapiri a Viphya, pamalo okwera mamita oposa 1,200 kuchokera panyanja yamchere, ndipo dziko lake ndi la zitunda ndi zigwa. Munthu wochoka ku Nkhorongo kupita kumsika waukulu wa m'tauni sangapewe chikweza ndi mtsetse. Misewu yambiri yopatuka pamsewu wa tala ndi yadothi, ndipo mvula ikagwa dothilo limaterera ngati therere. Mzinda umenewu, umene kalembera wa m'chaka cha 2018 adapezamo anthu oposa 220,000, udatchuka ndi njinga zonyamula anthu zotchedwa Sacramento, zimene m'maboma ena amazitcha kabaza. Ngakhale njinga zamoto zachuluka m'zaka zapitazi, njinga yakapalasa idakali khasu la mabanja ambiri. Pamalo athyathyathya njinga yosalingana ndi mwini wake imangomutopetsa, koma pamtsetse woterera imamugwetsa. Malangizo otsatirawa ndi othandiza kwa omvera a m'maboma onse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, popeza mwendo wa munthu uyezedwa chimodzimodzi kulikonse.

Mwendo ndiwo muyeso

Anthu oyamba kupanga njinga adaphunzira msanga kuti njinga imayezedwa kumwendo. M'zaka za m'ma 1870, ku England kudali njinga za gudumu lalikulu kwambiri kutsogolo ndi kagudumu kakang'ono kumbuyo. Njingazo zidalibe tcheni, ndipo mapedulo adali omangiriridwa pakati pa gudumu lalikululo. Kaamba ka ichi, munthu sadali kusankha gudumu mwa kufuna kwake. Wamiyendo yaitali ankagula gudumu lalikulu, lina lofika mainchi 60, pamene wamfupi ankagula locheperapo, chifukwa phazi likapanda kufika papedulo ulendo panalibe. Wokwera ankakhala m'mwamba kwambiri, kotero kuti gudumu likagunda mwala iye ankagwa chamutu.

M'chaka cha 1885, John Kemp Starley wa mumzinda wa Coventry adatulutsa njinga yotchedwa Rover, yoyendera tcheni, ya magudumu awiri osasiyana kwenikweni kukula. Patapita zaka zitatu, mu 1888, John Boyd Dunlop wa ku Belfast adapanga tayala lopopa mpweya. Njinga imene ikuyenda lero m'misewu ya ku Nkhorongo ndi mdzukulu wa zinthu ziwiri zimenezi. Kuyambira nthawi imeneyo gudumu lidaleka kutsata mwendo wa wokwera, ndipo ntchito yolinganiza njinga ndi thupi idasamukira kufelemu ndi kuchishalo. Vuto n'lakuti njinga yamakono imalola kupalasidwa ngakhale ndi munthu amene siikumuyenera. Imayenda ndithu, koma ngongole yake amalipira ndi mawondo, msana ndi chiuno.

Choncho chinthu choyamba si kupita kusitolo ayi, koma kuyeza mwendo kunyumba. Anthu awiri ofanana msinkhu angathe kusiyana miyendo, wina kukhala wa miyendo yaitali ndi thunthu lalifupi, mnzake wa thunthu lalitali ndi miyendo yaifupi. N'chifukwa chake kutalika kwa munthu yense sikokwanira. Wofuna njinga avule nsapato, aime chilili msana utatsamira khoma, mapazi atatalikirana pang'ono. Atenge buku la chikuto cholimba, aliike m'mphechepeche monga m'mene chishalo chimakhalira, alikweze mpaka ligunde thupi, m'mphepete mwake mutagunda khoma. Mnzake alembe chizindikiro pakhomapo molingana ndi pamwamba pa bukulo, kenaka ayeze kuchokera pansi kufika pachizindikirocho ndi tepi ya telala kapena ya mmisiri wa matabwa. Nambala imeneyo ailembe papepala, popeza ndiyo mfungulo ya zonse zotsatira.

Felemu

Njinga ya munthu wamkulu imatchulidwa kukula kwake potsata felemu. Muyesowo umayambira pakati pa chitsulo chimene mapedulo amazungulirapo, n'kukwera mpaka pakamwa pa paipi imene chitsulo cha chishalo chimalowamo. Njinga zolimba za mtundu wakale, zimene anthu amazidziwa ndi maina monga Humber, Raleigh, Phoenix, Hero ndi Avon, kawirikawiri zimabwera ndi felemu ya mainchi 22 kapena 24. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, kutanthauza kuti felemu ya mainchi 22 ndi pafupifupi masentimita 56, pamene ya mainchi 24 ndi masentimita 61. Magudumu a njinga zonse ziwirizo ndi ofanana, a mainchi 28, ndipo ichi ndicho chimasokoneza ogula ambiri. Iwo amaona magudumu ofanana n'kuganiza kuti njingazo n'zofanana, osadziwa kuti mtanda wa imodzi uli m'mwamba ndi masentimita pafupifupi 5 kuposa wa inzake.

Pali lamulo lakale lothandiza poyambira, lakuti panjinga ya mtanda wowongoka felemu ikhale pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a kutalika kwa mwendo. Munthu wa mwendo wa masentimita 80 amafuna felemu ya masentimita 53, ndiye kuti mainchi 21. Wa mwendo wa masentimita 84 ndiye woyenera felemu ya mainchi 22. Kuti munthu ayenere bwino felemu ya mainchi 24, mwendo wake uyenera kufika masentimita 90 kapena kuposerapo, ndipo anthu otere si ambiri. Pamenepa zikuoneka kuti amuna ochuluka amene amanyadira njinga yaikulu, poganiza kuti kukula ndiko kulimba, akupalasa njinga yowapitirira msinkhu.

Masamu akatha, njinga iyesedwe ndi thupi. Wogula aitangadze njingayo, mtanda uli pakati pa miyendo, mapazi onse awiri ataponda pansi kwathunthu, osati chonyang'ama. Pakati pa mtanda ndi thupi pakhale mpata wa masentimita 3 mpaka 5, ndiye kuti zala ziwiri kapena zitatu. Panjinga za matayala onenepa zoyenda m'mapiri ndi m'misewu ya mabampu, mpatawo ukhale wokulirapo, masentimita 5 mpaka 10. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Galimoto ikatulukira mwadzidzidzi, kapena mbuzi ikadumphira mumsewu, wopalasa amatsika pachishalo n'kuponda pansi. Ngati mtanda uli m'mwamba kuposa mwendo wake, iye amagwera pachitsulo ndi thupi lonse, kapena amapendeketsa njinga n'kugwa nayo pamodzi ndi katundu. Kuvulala kwa pamalo amenewo ambiri amachita nako manyazi kukanena kuchipatala, koma n'koopsa ndithu.

Munthu akapezeka kuti ali pakati pa mafelemu awiri, asankhe yocheperayo. Njinga yocheperako pang'ono imakulitsidwa pokweza chishalo ndi mahandulo, koma palibe mmisiri amene angafupikitse felemu yaikulu popanda kuiononga.

Chishalo

Felemu ikapezeka, ntchito yotsatira ndi kukweza kapena kutsitsa chishalo, ndipo apa mpamene anthu ambiri amalakwitsa ngakhale njinga ili yowayenera. Njira yosavuta sifuna tepi. Wopalasa akhale pachishalo, mnzake atamugwirira njinga kapena iye atatsamira khoma. Atsitse pedulo imodzi mpaka pansi penipeni, aike chidendene papedulopo. Mwendo uyenera kuwongoka bwinobwino popanda chiuno kupendekera mbali imeneyo. Tsono akabweza phazi n'kupondetsa mbali ya kutsogolo, pamene zala zimayambira, monga m'mene munthu ayenera kupalasira, bondo limapindika pang'ono, ndipo kupindika kumeneko ndiko kofunika. Akatswiri oyeza othamanga panjinga amati bondo likhale lopindika madigiri 25 mpaka 35 pedulo ikakhala pansi.

Amene ali ndi tepi angathe kutsimikiza ndi masamu. Njira imodzi, imene idatchuka ndi dzina la Greg LeMond wa ku America, amene adapambana mpikisano wa Tour de France m'zaka za 1986, 1989 ndi 1990, ndi kuchulukitsa kutalika kwa mwendo ndi 0.883. Yankho lake ndi mtunda wochokera pakati pa chitsulo chozungulirapo mapedulo kufika pamwamba pa chishalo, poyeza motsata paipi. Kwa munthu wa mwendo wa masentimita 80, yankho ndi masentimita 70.6. Njira ina ndi kuchulukitsa mwendo ndi 1.09, n'kuyeza kuchokera papedulo ili pansi kufika pamwamba pa chishalo, ndipo kwa munthu yemweyo yankho ndi masentimita 87. Njira zimenezi zimasiyana pang'ono, koma zonse zimafikitsa munthu pafupi ndi pamalo poyenera, ndipo chotsala ndi kumvera thupi.

Thupi silinama. Chishalo chikatsika kwambiri, bondo limakhala lopindika nthawi zonse, mphamvu ya ntchafu siituluka yonse, ndipo ululu umayamba kutsogolo kwa bondo. Munthu wotere amafika pakati pa chikweza atatheratu, n'kumanena kuti njinga ndi yolemera, pamene cholakwika ndi chishalo. Chishalo chikakwera mopitirira, chiuno chimagwedezeka uku ndi uku pofunafuna pedulo, m'mphechepeche mumanyuka, ndipo ululu umamveka kuseri kwa bondo ndi m'munsi mwa msana. Posintha, munthu asasunthe chishalo kwambiri nthawi imodzi. Theka la sentimita ndi lokwanira, kenaka apalase masiku angapo asanasinthenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti munthu atakhala pachishalo ayenera kuponda pansi ndi mapazi onse awiri. Kwa wamkulu wodziwa kale kupalasa, chimenechi ndi chizindikiro chakuti chishalo chatsika kwambiri. Chishalo chikakhala pamalo pake, zala za phazi zokha ndizo zimakhudza pansi, ndipo wofuna kuima amatsetserekera kutsogolo n'kuima potangadza mtanda. Ichi ndicho chifukwa chake mpata wa pamtanda uja uli wofunika kwambiri.

Chenjezo lina likhudza chitsulo chonyamula chishalo. Pazitsulo zambiri fakitale imadinda mzere wosonyeza malire a kukweza. Mzere umenewo suyenera kuonekera kunja kwa paipi. Chitsulo chikatuluka mopitirira malire, chimapindika kapena kung'amba felemu, ndipo chikathyoka munthu ali paliwiro, ngozi yake ndi yosasimbika. Ngati wopalasa sangapeze utali womuyenera popanda kupitirira mzerewo, ndiye kuti felemu yamuchepera. Mzere wotere umapezekanso pachitsulo chonyamula mahandulo. Chishalo chenicheni chikhale chogona molingana, chosaloza kumwamba kapena pansi. Chikaloza kumwamba chimapweteka ndi kuchititsa dzanzi, chikaloza pansi munthu amangotsetserekera kutsogolo, kulemera konse n'kuthera m'manja.

Mikono ndi mabuleki

Mwendo ukakhutira, mikono nayo ifunsidwe. Amisiri akale adali ndi njira yachidule: chigongono chigunde nsonga ya chishalo, mkono uloze kutsogolo, ndipo nsonga za zala zifike pafupi ndi pakati pa mahandulo. Zala zikaperewera kwambiri, njingayo ndi yaitali mopitirira thunthu la munthuyo. Iye adzapalasa mikono itaumirira, khosi ndi mapewa zidzawawa, ndipo pokhota adzalephera kuwongolera bwino. Mahandulo akayandikira kwambiri, mawondo amagunda pokhota, ndipo msana umapindika ngati uta. Wopalasa woyenerana ndi njinga yake amakhala zigongono zitapindika pang'ono, mapewa ali omasuka.

Chimene ambiri amaiwala ndi kukula kwa dzanja. Zogwirira mabuleki za njinga zazikulu zidapangidwira dzanja la mwamuna wamkulu. Mwana kapena mayi wa dzanja laling'ono amakakamizika kumasula handulo kuti zala zifike pabuleki, ndipo pamtsetse kamphindi kameneko ndi kokwanira kubweretsa tsoka. Wogula ayese kufinya mabuleki onse awiri chala chachikulu chisadachoke pahandulo. Panjinga zambiri za mabuleki a waya pali kasikuluwu koyandikizira chogwirira kudzanja, ndipo wokonza njinga aliyense angathe kukasintha m'kanthawi kochepa.

Njinga ya mwana

Palibe pamene cholakwa chimachuluka kuposa pogulira mwana. Makolo ambiri amagula njinga monga agulira yunifolomu, akumati adzakula nayo. Malaya aakulu amangopindidwa manja, koma njinga yaikulu siipindika. Aliyense adaonapo mwana akupalasa njinga ya bambo ake atalowetsa mwendo umodzi pansi pa mtanda, thupi lili kumbali, njinga itapendekera mbali ina. Anthu amaseka n'kumayamikira luso la mwanayo, koma mwana ameneyo sangathe kugwira mabuleki bwino, sangathe kucheuka kuona galimoto yochokera kumbuyo, ndiponso sangathe kukweza mkono kusonyeza kumene akukhotera. Pabwalo la pakhomo ndi masewera, koma pamsewu wa M1, pamene pamadutsa malole opita ku Karonga ndi kumalire a Songwe, ndi kuseweretsa moyo.

Njinga za ana zimatchulidwa potsata gudumu, osati felemu. Gudumu la mainchi 12 ndi la ana a zaka ziwiri mpaka zinayi, la mainchi 16 ndi la a zaka zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi, la mainchi 20 limayenera ana a zaka 6 mpaka 9, ndipo la mainchi 24 ndi la a zaka 9 mpaka 12. Zaka zimenezi ndi chitsogozo chabe, popeza ana amakula mosiyana, ndipo woweruza weniweni ndi mwendo womwe uja. Lamulo la chishalo kwa mwana wongoyamba kumene ndi losiyana ndi la wamkulu. Iye atakhala pachishalo aziponda pansi ndi mapazi onse awiri, kuti mantha achoke ndipo athe kudziimitsa yekha. Akazolowera, chishalo chizikwezedwa pang'onopang'ono, ndipo makolo aziyang'ana miyezi ingapo iliyonse, chifukwa mwana wa msinkhu wa kupulaimale amatalika masentimita 5 kapena 6 pachaka.

Dandaulo la makolo lakuti ndalama sizilola kugula njinga zaka zitatu zilizonse ndi lomveka. Koma njinga ya mwana yosamalidwa bwino siitha ndi mwana mmodzi. Imatsikira kwa mng'ono wake, kapena imagulitsidwa n'kuthandiza kugula yokulirapo. Kwa wophunzira wa kusekondale amene amayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku, njinga ya magudumu a mainchi 26 ya felemu yaing'ono imamuyenera kuposa njinga yaikulu ya mainchi 28.

Njinga imodzi, banja lonse

M'mabanja ambiri njinga ndi imodzi, ndipo bambo, mayi ndi ana okulirapo amabwerekana. Pamenepa nzeru ndi kugula molingana ndi munthu wamfupi mwa onse amene adzaipalase kawirikawiri, popeza wamtali angathe kukweza chishalo. Aliyense akapeza utali wake, aike chizindikiro cha utoto pachitsulo cha chishalo, osati kuchicheka ndi tupa, chifukwa pochekapo mpamene chitsulo chimayambira kuthyoka. Sipanala yoyenera ikhale pamalo odziwika m'nyumba.

Njinga yopanda mtanda wa pamwamba, imene anthu amaitcha ya amayi, ndi yothandiza kwambiri m'banja lotere. Mayi wovala chitenje amakwera ndi kutsika mwaulemu, wokalamba amene mwendo sukwera samavutika, ndipo vuto logwera pamtanda palibe. Palibe lamulo loletsa mwamuna kuipalasa. Chofooka chake n'chakuti ikasenza katundu wolemera kwambiri felemu yake imagwedera kuposa ya mtanda. Wopalasa atavala chitenje kapena siketi yaitali aonetsetse kuti tcheni chili ndi chotchinga chake, kuopa kuti nsalu ingakodwe.

Onyamula anthu ndi katundu

Kwa anyamata a Sacramento ndi onse onyamula nkhuni, nthochi kapena matumba a chimanga, njinga ndiyo munda wawo, ndipo mawondo ndiwo chuma chawo. Munthu wopalasa ola limodzi mwakachetechete amazunguza mwendo uliwonse maulendo oposa 3,000. Wogwira ntchitoyi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masiku asanu ndi limodzi pamlungu, amabwereza cholakwa cha chishalo chake maulendo osawerengeka, atasenzanso munthu wina kumbuyo. Sentimita imodzi kapena ziwiri zimene woyenda ulendo waufupi sangazimve, kwa iye zimasanduka matenda a bondo omulepheretsa kudyetsa banja.

Ambiri mwa iwo amayamba ndi njinga yobwereka kwa mwini wake, yochunidwa kale molingana ndi munthu wina. Woilandira asachite manyazi kusintha chishalo tsiku loyamba lomwelo. Mpata wa pamtanda ndi wofunikanso kwambiri kwa iwo, chifukwa kuimitsa njinga yosenza munthu pamalo otsetsereka kumafuna mapazi onse awiri pansi. Kaliyala nayo ili ndi malire ake. Njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief limene lidakhazikitsidwa mu 2005, zidapangidwa kuti kaliyala yake isenze makilogalamu 100, koma njinga zambiri zopepuka za pakaunjika sizingafike pamenepo. Katundu akalemera kwambiri kumbuyo, gudumu la kutsogolo limapepuka pachikweza, ndipo mabuleki amachedwa kugwira pamtsetse.

Manambala a patayala

Muyeso wina umene umatayitsa anthu ndalama ndi wa matayala. Njinga za pakaunjika zimachokera kumaiko osiyanasiyana, ndipo matayala awiri olembedwa nambala yofanana ya mainchi angathe kukana kulowa palimu imodzi. Tayala la 28 x 1½ la njinga zolimba zakale limalowa palimu ya mamilimita 635, pamene tayala lina lotchedwanso 28, kapena 700C, ndi la limu ya mamilimita 622. Momwemonso tayala la 26 x 1⅜, lofala panjinga zochokera ku Japan, ndi la mamilimita 590, pamene 26 x 1.95 la njinga za m'mapiri ndi la mamilimita 559. Nambala yodalirika ndi ya magawo awiri yodindidwa m'mbali mwa tayala, monga 40-635. Gawo loyamba ndi kunenepa kwa tayala, lachiwiri ndi kukula kwa limu. Munthu asanagule njinga yachilendo, awerenge nambala imeneyo ndi kufunsa kwa ogulitsa zipangizo ngati matayala ndi machubu ake amapezeka m'dera lake. Safunsa adadya phula.

Chipewa choteteza mutu nacho chili ndi muyeso. Tepi izungulire mutu pamwamba pang'ono pa nsidze, ndipo anthu aakulu ambiri amapezeka pakati pa masentimita 54 ndi 61. Chipewacho chikhale chogona, chophimba mphumi, chosagwedera mutu ukapukusidwa, ndipo lamba wa pachibwano asiye mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri. Chipewa chokhwepa chimavuka pa nthawi yomwe chikufunika.

Lamulo lomweli kwina

Mfundo yakuti chipangizo chonyamula munthu paliwiro chiyezedwe kuthupi lake si ya njinga yokha. M'maiko ozizira, anthu amatsetsereka pamapiri a chipale chofewa atamanga kumapazi matabwa aatali otchedwa ski, kapena thabwa limodzi lotambalala lotchedwa snowboard. Masewera amenewa amachitikanso kumwera kwa Africa kuno, pamalo otchedwa Afriski m'mapiri a Maluti ku Lesotho, okwera mamita oposa 3,000, m'miyezi ya June mpaka August. Kumeneko wobwereketsa zipangizo amayamba wafunsa msinkhu, kulemera ndi luso la munthu. Thabwa la ski likaimikidwa pansi liyenera kufika pakati pa chibwano ndi pamwamba pa mutu, ndipo wongoyamba kumene amapatsidwa lalifupi chifukwa ndi losavuta kukhotetsa. La snowboard limafika pakati pa chibwano ndi mphuno, koma kulemera kwa munthu ndiko kumaweruza kwambiri, ndipo m'lifupi mwake muyenera kulingana ndi nsapato kuti zala zisakhule pansi pokhota.

Chimodzimodzinso nsapato za timagudumu tondondozana, zimene ana ena a m'tauni amasewera nazo pasimenti. Nsapato zimenezi ziyenera kugwira phazi ndi kakolo mothina bwino, zala zikungokhudza kutsogolo pang'ono, chidendene chosanyamuka. Zikakula, kakolo amapindikira m'kati, matuza amatuluka, ndipo mwana amagwa. Phazi liyezedwe madzulo, pamene limakhala litafufuma pang'ono, mwana atavala sokosi zimene adzasewerere. Kwa ana pali mitundu ina imene imatalikitsidwa phazi likamakula. Pa zipangizo zonsezi, wophunzira amathandizidwa ndi chocheperako, ndipo chachikulu mopitirira ndicho chimagwetsa.

Tsiku logula

Tsiku logula likafika, amene adzapalase njingayo apite yekha kusitolo kapena kumsika, ngakhale ndalama zikuchokera kwa wina. Njinga yotumidwa kwa mlamu wopita kutauni imabwera yolingana ndi mlamuyo. Wogula atenge pepala la muyeso wa mwendo wake ndi tepi, avale nsapato zimene amapalasira masiku onse. Atangadze mtanda, ayese chidendene papedulo, ayang'ane mzere wa malire pachitsulo cha chishalo, afinye mabuleki, awerenge nambala ya tayala, kenaka apemphe kuipalasa pang'ono, kukhota ndi kuima. Wogulitsa wachilungamo sakana zimenezi. Ndipo amene ali nayo kale njinga sadachedwe, popeza zolakwa zambiri zimakonzeka ndi sipanala imodzi, pansi pa mtengo pamene wokonza njinga amagwirira ntchito, pamtengo wochepa kuposa wa chubu chatsopano.